Kuwongola Mano a Ana: Zofunika Kufulumira, Zofunika Kudikira, ndi Mmene Tingachepetsere Mantha

Mwana akafika zaka 7 kapena 8, m'kamwa mwake mumaoneka ngati mwasokonekera. Mano akutsogolo amamera aakulu poyerekeza ndi kankhope kake, ena amatuluka chopendekeka, ena amatulukira kumbuyo kwa mano aubwana amene sanaguluke, ndipo pakati pa mano awiri akumwamba pamatsala mpata umene kale panalibe. Makolo akaona zimenezi amagawanika pawiri. Ena amati zidzakonzeka zokha mwana akamakula, ndipo sapita naye kulikonse. Ena amakumbukira mawu a akuluakulu akuti kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo amafuna kuti mwanayo amuike mawaya a mano mwamsanga zinthu zisanaipe. Onsewa ali ndi mbali imene akulondola, koma palibe amene akulondola pa chilichonse. Mavuto ochepa a kamangidwe ka mano ndi nsagwada amafunikadi kuwagwira mwana ali wamng'ono, pamene ambiri amakonzeka bwino lomwe, mofulumira komanso pamtengo wotsika, mwanayo akadikira mpaka mano okhalitsa atamera. Chimene chiyenera kufulumira kwa mwana aliyense ndi kupimidwa, osati kuikidwa mawaya.

Bungwe la akatswiri owongola mano ku America, American Association of Orthodontists, limalangiza kuti mwana aonedwe ndi katswiri asanapitirire zaka 7. Anthu ambiri amamva malangizowa ngati akunena kuti chithandizo chiyambe pa msinkhu umenewo, koma si zimene akunena. Chifukwa chosankhira zaka 7 n'chakuti pa nthawiyi mano otafunira okhalitsa oyamba amakhala atamera, akutsogolo nawonso ayamba kutuluka, choncho katswiri amatha kuona mmene nsagwada yakumwamba ndi yakumunsi zikukumanirana, ngakhale mano ambiri aubwana akadali m'kamwa. Ku Britain kachitidwe kake n'kosiyanako pang'ono: dokotala wa mano wanthawi zonse ndi amene amayang'anira kakulidwe ka mwana, n'kumutumiza kwa katswiri pokhapokha akaona vuto, ndipo ana ambiri kumeneko amaikidwa mawaya ali ndi zaka pafupifupi 12 kapena 13. Njira ziwirizi zimagwirizana pa mfundo yaikulu, yoti diso la munthu wodziwa liyenera kufika msanga, ndipo nthawi zambiri yankho lake limakhala lakuti tiyeni tidikire, tidzaonanenso.

Kuti kudikirako kumveke, tiyenera kudziwa ndondomeko ya kameredwe ka mano. Mano aubwana alipo 20. Amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6 ndipo amakwana akamafika zaka zitatu. Mano okhalitsa alipo 32 tikawerengera anayi omalizira amene amamera munthu atakula. Loyamba kutuluka nthawi zambiri ndi dzino lalikulu lotafunira, limene limamera pa zaka pafupifupi 6 kumbuyo kwenikweni kwa mano aubwana, popanda dzino lililonse kuguluka. Apa ndi pamene makolo ambiri amanamizika, chifukwa poona kuti palibe dzino lachoka, amaganiza kuti limenelinso ndi laubwana, ndipo likayamba kubooka amalilekerera poganiza kuti lidzamera lina. Silimeranso. Dzino limeneli ndi limene limatsogolera kakumanidwe ka mano onse akumbuyo, ndipo kulitaya pa zaka 9 kapena 10 popanda kulinganiza bwino kumapendeketsa oyandikana nalo kwa moyo wonse. Akutsogolo amamera pakati pa zaka 6 ndi 9, pamene mano osongoka akumwamba amachedwa mpaka zaka 11 kapena 12.

Zambiri zimene zimaopsa makolo pa zaka za kusinthanaku ndi zachibadwa. Mpata wa pakati pa mano awiri akumwamba, pamodzi ndi kupendekekera kunja kwa mano oyandikana nawo, umabwera chifukwa mano osongoka amene akadali m'fupa amakankha mizu ya anzawo pamene akutsika. Akangotuluka, mpatawo kawirikawiri umatsekeka wokha. Kuika mawaya pa nthawi imeneyo kuti mpata utsekeke kungakankhire mizu pa dzino losongokalo n'kuiwononga. Komanso si mpata uliwonse umene uli vuto, popeza kwathu kuno ndi m'madera ambiri a mu Africa mpata wapakati umayesedwa kukongola, ndipo ngati mano ali athanzi palibe chifukwa cha chipatala choutsekera. Mano akumunsi amene amatulukira kumbuyo kwa aubwana nawonso nthawi zambiri amakankhidwa ndi lilime n'kufika pamalo pake laubwana likangochoka. Kupanikizana pang'ono kwa mano akutsogolo kumathanso kuchepa, chifukwa mano otafunira aubwana ndi otambalala kuposa okhalitsa amene amalowa m'malo mwawo, motero pamatsala kampata kamene katswiri wochenjera amatha kukagwiritsa ntchito.

Dzino silinamatidwe ku fupa. Pakati pa muzu ndi fupa pali kaminofu kopyapyala kamene kamaligwira, ndipo dzino likakankhidwa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, thupi limasungunula fupa kumbali imene likulowera n'kumanga fupa latsopano kumbali imene lachokera. Liwiro lake ndi pafupifupi milimita imodzi pa mwezi, ndipo kuwonjezera mphamvu sikufulumizitsa kanthu koma kumangopweteka ndi kuwononga mizu. Zimenezi zimatheka pa msinkhu uliwonse, n'chifukwa chake munthu wa zaka 40 amathanso kuwongoletsa mano. Chimene chili ndi nyengo yake ndi kakulidwe ka nsagwada. Nsagwada yakumwamba ili ndi mbali ziwiri zolumikizana pa mzere wodutsa pakati pa denga la m'kamwa, ndipo mzere umenewu umakhala wofewa mwa mwana koma umalimba akamakula, kotero kuti kuitambasula n'kosavuta pa zaka 8 kusiyana ndi pa zaka 18. Nsagwada yakumunsi imakula kwambiri pa nthawi ya kutha msinkhu. Funso lonse la nthawi yoyambira chithandizo lagona pa kusiyana kumeneku: vuto la mano okha likhoza kudikira, koma vuto limene likudalira fupa lofewa, kapena limene likuwononga chinachake lero, silingadikire.

Mu 1899 dokotala wa ku America, Edward Angle, anagawa kakumanidwe kolakwika ka mano m'magulu atatu, ndipo akatswiri akugwiritsabe ntchito magulu amenewa mpaka pano. Gulu loyamba ndi la anthu amene mano awo akumbuyo amakumana bwino koma ena apanikizana kapena apotoka. Gulu lachiwiri ndi la amene mano awo akumwamba atsogola kwambiri, kawirikawiri chifukwa nsagwada yakumunsi yatsalira m'mbuyo. Gulu lachitatu ndi la amene nsagwada yakumunsi yatsogola, moti mano akumunsi amaluma kutsogolo kwa akumwamba.

Mkangano waukulu wa chithandizo chamsanga wakhala pa gulu lachiwiri, la ana a mano otuluka panja. Kwa zaka zambiri akatswiri ochuluka ankakhulupirira kuti mwana wotere akayamba kuvala chipangizo chokokera nsagwada yakumunsi kutsogolo ali ndi zaka 8 kapena 9, nsagwadayo idzakula kuposa mmene ikanakulira, ndipo mwanayo sadzafunika kuzulidwa mano kapena kuchitidwa opaleshoni m'tsogolo. Ganizoli linali lomveka, ndipo zithunzi za miyezi yoyamba zinkaoneka kuti zikulitsimikiza. Kenako linayesedwa mwa dongosolo. Pa yunivesite ya North Carolina, pa yunivesite ya Florida, komanso ku Britain pa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Kevin O'Brien wa ku Manchester, ana anagawidwa mwamaere: ena analandira chithandizo chamsanga n'kudzalandiranso china atakula, pamene ena anadikira n'kulandira chithandizo chimodzi chokha pa nthawi ya kutha msinkhu. Ku Britain anagwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa Twin Block, chimene William Clark wa ku Scotland anapanga m'zaka za m'ma 1970. Poyamba ana ofulumirawo ankaoneka kuti apambana, koma onse atamaliza, kusiyana kunali kutazimiririka. Nsagwada zinafika pofanana, mano anakumana mofanana, ndipo amene anafulumira anangotha nthawi yochuluka akuvala zipangizo ndiponso maulendo ambiri opita kuchipatala.

Zotsatira za kafukufuku ameneyu ziyenera kunenedwa momveka kwa kholo lililonse limene likuuzidwa kuti mwana wa zaka 8 akapanda kuyamba lero ndiye kuti mwayi watha. Pa mano otuluka panja, mwayi sutha. Kulipira chithandizo kawiri pamene kamodzi kakanakwanira n'kolemetsa banja, komanso kumatopetsa mwana, moti akamafika zaka 13 pamene mgwirizano wake ukufunika kwambiri, amakhala atanyansidwa kale ndi zipangizo za m'kamwa.

Komabe kafukufuku yemweyo anasonyeza phindu limodzi losakanika. Pamene bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa zotsatira zake mu 2018, linapeza kuti mwa ana amene anavala msanga chipangizo chokokera nsagwada, pafupifupi 19 pa 100 alionse anavulala mano akutsogolo, poyerekeza ndi pafupifupi 30 pa 100 mwa amene anadikira. Dzino lotuluka panja limene mlomo sulikuta ndi limene limayamba kugunda pansi mwana akagwa pa njinga kapena akawombana ndi mnzake pa mpira. Choncho mwana amene mano ake atuluka kwambiri, amene satha kutseka milomo popanda kudzikakamiza, ndiponso amene amakonda masewera ogundana, ali ndi chifukwa chenicheni choyambira msanga. Chifukwa china ndi kusekedwa. Kafukufuku wa ku Britain anaona kuti ana amene anathandizidwa msanga ankadziona bwino pa zaka zimenezo, ngakhale kusiyanako sikunakhalitse. Ine ndikuona kuti phindu la kanthawi limeneli si lopeputsa, chifukwa mwana amene wasiya kuyankha mafunso m'kalasi poopa mayina amene anzake amamutchula akutaya zinthu zimene sizidzabwerera pa zaka 13. Koma chifukwa chake chitchulidwe mmene chilili, kuti tikuteteza mano ndi mtima wa mwana, osati tikukulitsa nsagwada.

Tsopano tifike pa mavuto amene kuchedwa kumawakulitsa. Loyamba ndi pamene dzino lakumwamba laluma mkati mwa lakumunsi m'malo moluma kunja kwake. Zikachitika kutsogolo, ngakhale pa dzino limodzi lokha, dzino lakumunsi limakankhidwira kunja nthawi iliyonse mwana akatafuna, nkhama zake zimayamba kutsika, ndipo dzinolo likhoza kugwedera kapena kuperepeseka. Kachipangizo kophweka kovula ndi kuvala, kapena mawaya ochepa a pa mano akutsogolo okha, kamakonza vutoli m'miyezi yochepa. Zikachitika kumbuyo chifukwa nsagwada yakumwamba ndi yopapatiza, mwana amapotoza nsagwada yakumunsi kumbali imodzi kuti mano akumane, ndipo kholo likhoza kuona lokha kuti chibwano chimakhotera kumanzere kapena kumanja mwana akatseka pakamwa. Apa katswiri amaika chipangizo chotambasula nsagwada yakumwamba pang'onopang'ono. Zina mwa zipangizozi zimatsegula mpata pakati pa mano awiri akutsogolo m'masabata oyamba, chimene chimaopsa makolo amene sanauzidwe, koma ndi chizindikiro chakuti fupa latambasuka, ndipo mpatawo umabwerera wokha.

Vuto lachiwiri ndi la gulu lachitatu lija la Angle, makamaka pamene nsagwada yakumwamba ndi imene yatsalira m'mbuyo. Chipangizo chake chimatsamira pa chipumi ndi pa chibwano, ndipo timalamba tampira timakoka nsagwada yakumwamba kutsogolo. Chimavalidwa kunyumba ndi usiku kwa maola ambiri, ndipo chimagwira bwino ntchito mwana asanakwane zaka 10. Kafukufuku wa ku Britain wotsogoleredwa ndi Nicky Mandall anatsata ana otere kwa zaka 6 ndipo anapeza kuti mwa amene anavala chipangizochi, pafupifupi mmodzi mwa atatu ndi amene ankaonekabe kuti adzafunika opaleshoni ya nsagwada, pamene mwa amene sanavale anali pafupifupi awiri mwa atatu. Si ana onse amene chimawathandiza, pakuti nsagwada yakumunsi ikhoza kupitiriza kukula mpaka munthu atatsala pang'ono kufika zaka 20, ndipo vutoli limayenda m'magazi a banja. Katswiri woona mtima amanena zimenezi asanayambe.

Vuto lachitatu ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa silipweteka ndipo silioneka. Ndi la mano amene atsekeredwa m'fupa. Dzino limodzi lakutsogolo likamera, koma linzake la mbali inayo n'kusaoneka patapita miyezi yoposa 6, pamafunika chithunzi cha X-ray, chifukwa nthawi zambiri pamakhala kadzino kowonjezera kamene katseka njira, kapena dzino laubwana linavulala kale n'kusokoneza limene linali pansi pake. Chotsekerezacho chikachotsedwa msanga ndipo malo akatsegulidwa, dzinolo kawirikawiri limatsika lokha. Mano osongoka akumwamba ndiwo amasochera kwambiri, mwa anthu pafupifupi awiri pa 100 alionse, chifukwa amayambira kutali pafupi ndi mphuno ndipo ulendo wawo ndi wautali. Pa zaka 10 kapena 11 dokotala ayenera kumva kachotupa ka dzinolo akasisita nkhama pamwamba pa dzino losongoka laubwana. Akapanda kukamva, ajambule. Mu 1988 akatswiri awiri a ku Sweden, Ericson ndi Kurol, anasonyeza kuti kuzula dzino losongoka laubwana pa zaka za pakati pa 10 ndi 13 kunathandiza mano ambiri osochera kubwerera m'njira yake. Kulekerera kumachititsa kuti dzino losocheralo lidye muzu wa dzino loyandikana nalo mwakachetechete, ndipo pomadzazindikira pamafunika opaleshoni yolivundukula ndi zaka zolikoka ndi mawaya. Apa mphindi imodzi ya chala cha dokotala imapulumutsa banja ku mtengo waukulu.

Kuyamwa chala n'kwachibadwa kwa khanda ndipo ana ambiri amasiya okha asanafike zaka 4. Kumakhala vuto kukapitirira mpaka mano okhalitsa akutsogolo atayamba kumera, makamaka ngati chala chimakhala m'kamwa maola ambiri usana ndi usiku, chifukwa kutalika kwa nthawi ndi kumene kumasuntha mano kuposa mphamvu ya kuyamwako. Zotsatira zake ndi mano akumwamba otuluka panja, nsagwada yakumwamba yopapatiza, ndi mpata wotsala pakati pa mano akumwamba ndi akumunsi ngakhale mwana ataluma. Mwana akasiya pa zaka 6 kapena 7, mpatawu nthawi zambiri umachepa wokha. Kumenya, kupaka tsabola pa chala kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa alendo sikuthandiza, popeza mwanayo amayamwa pofuna kudzitonthoza, ndipo kumuwonjezera nkhawa kumangomubwezera ku chalacho. Kumuyamikira pa usiku uliwonse umene wapirira, ndi kumukumbutsa mofatsa ndi kansalu kapena pulasitala pa chala iye atavomera, kumapita patali.

Kuzula msanga mano otafunira aubwana chifukwa cha kuwola ndi njira ina imene mano amapanikizirana. Dzino laubwana limasungira malo dzino lokhalitsa, ndipo likachoka zaka zingapo nthawi yake isanakwane, la kumbuyo kwake limasendera kutsogolo n'kutseka malowo. Pali kachipangizo kosungira malo kamene kamaikidwa nthawi zina, koma njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kuteteza dzinolo kuti lisawole: kutsuka kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, kulavula osachukucha ndi madzi, ndi kuchepetsa maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera pakati pa chakudya.

Kwa owerenga amene ali ku Malawi, mfundo yomalizayi ndi yolemera kuposa zina zonse, chifukwa madokotala a mano ndi ochepa kwambiri ndipo akatswiri owongola mano ndi ochepetsetsa, opezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu. Mpaka mu 2019 dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Maphunzirowa anayamba chaka chimenecho ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow kudzera mu ntchito yotchedwa MalDent Project, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoona za thanzi la m'kamwa. Kholo la ku Ntchisi kapena ku Nsanje silingapeze katswiri pafupi, koma likhoza kupita ndi mwana kwa wogwira ntchito za mano pa chipatala cha boma kuti aone zinthu zitatu zosafuna makina: ngati mano akutsogolo amera onse mofanana, ngati pali dzino loluma mopingasa, ndi ngati mano osongoka akumveka pa zaka 10 kapena 11. Amene ali ku Britain adziwe kuti ana osakwana zaka 18 amawongoledwa mano kwaulere ku NHS, bungwe la boma loona za umoyo kumeneko, pokhapokha vuto lawo litafika pa mlingo woikika, umene umayezedwa ndi ndondomeko yotchedwa IOTN. Mwachitsanzo mano otuluka panja kupitirira mamilimita 6 amalowa m'gulu lofunika chithandizo. Kulikonse kumene munthu ali, mawaya oikidwa ndi munthu wosaphunzira, kapena ogulidwa pa intaneti ngati chokongoletsera, ndi oopsa, chifukwa amasunthadi mano popanda wowongolera ndipo akhoza kuwagwetsa.

Nkhani ya mantha imayambira kwa makolo. Ambiri a ife tinakumana ndi dokotala wa mano koyamba dzino litatipweteka usiku wonse, ndipo chimene tinatengako ndi jakisoni, chozulira ndi magazi. Mwana amawerenga nkhope ya mayi ake kapena bambo ake asanamve mawu awo, ndipo akamva kuti usaope, sizipweteka, amazindikira kuti pali china choopsa chimene akubisiridwa. Choipa koposa ndi chizolowezi choopseza ana ndi chipatala, monga kunena kuti ukapitiriza kuvuta adokotala akubaya jakisoni. Mwana amene wakula akumva zimenezi sangakhale pa mpando wa dokotala mtima uli m'malo. Ndi bwino kumuuza zoona zochepa, tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanachitike, m'mawu wamba: adokotala akawerenga mano ako, akaona mmene umalumira, mwina akajambula zithunzi, kenako tibwerera kunyumba. Zimenezi ndi zoona, pakuti pa ulendo woyamba kwa katswiri wowongola mano sipakhala jakisoni kapena kuboola dzino.

Zimene zimachitika pa ulendowo n'zosavuta. Katswiri amayang'ana nkhope kutsogolo ndi cham'mbali, amauza mwana kuti alume, amayeza mmene mano akumwamba atsogolera, ndipo amasisita nkhama kufufuza mano amene sanamere. Ngati pakufunika X-ray, mwana amaima chilili ataluma kapulasitiki pamene makina akuzungulira mutu wake kwa masekondi ochepa, ndipo samva kanthu. Chimene ana ambiri amadana nacho ndi kudinda chithunzi cha mano ndi phala lofewa limene limauma m'kamwa pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, chifukwa limatha kudzutsa mseru. Kuweramitsa mutu kutsogolo, kupumira m'mphuno ndi kugwedeza zala za kumapazi kumathandiza, ndipo zipatala zina tsopano zili ndi kamera yaing'ono yojambula mano popanda phalalo. Madokotala a ana amagwiritsa ntchito njira yakale yodalirika, yofotokoza chinthu, kuchisonyeza pa chala kapena pa chidole, kenako n'kuchichita m'kamwa. Kholo lili ndi ufulu wopempha zimenezi, komanso wopempha kuti mwana apatsidwe chizindikiro, monga kukweza dzanja, chimene dokotala akachiona amaima. Chizindikirocho chiyenera kulemekezedwa nthawi yoyamba imene mwana wachigwiritsa ntchito, apo ayi sadzakhulupiriranso.

Pa za ululu, kunama kumabweza chilango. Kuika mawaya pakokha sikupweteka: dzino limatsukidwa, limaumitsidwa, kachitsulo kamamatidwa ndi guluu wouma ndi kuwala kwa buluu, kenako waya umalowetsedwa. Kuwawa kumayamba patapita maola angapo, kumafika pachimake tsiku lotsatira, ndipo kumazilala mkati mwa sabata. Kumabweranso pang'ono waya akasinthidwa. Mwana amene wauzidwa zimenezi amapirira, chifukwa amadziwa kuti zidzatha ndipo sizikutanthauza kuti chinachake chalakwika. Panado woyenera msinkhu wake amakwanira, pamodzi ndi zakudya zofewa monga phala, nsima yofewa, nthochi, mazira ndi mbatata yophika. Kachitsulo kakamakhula tsaya, pali phula lofewa limene amapereka kuti limatidwe pamenepo. Chipangizo cha pa denga la m'kamwa chimasokoneza kalankhulidwe ndi kuchulukitsa malovu kwa masiku angapo, choncho ndi nzeru kuchiika sukulu itatsekera kapena kumapeto kwa sabata, ndi kudziwitsa aphunzitsi. Nzimbe, chimanga chootcha kapena chokazinga, mango osapsa olumidwa ndi mano akutsogolo, chingamu ndi kutsegula mabotolo ndi mano ziyenera kulekeka kufikira mawaya atachotsedwa.

Pali chinthu china chimene makolo ofunira ana awo zabwino amachiiwala, ndicho kufunsa mwanayo. Chipangizo chovula ndi kuvala chimagwira ntchito chikakhala m'kamwa, osati m'thumba la yunifolomu, ndipo palibe kholo limene lingalondere mwana tsiku lonse. Mwana amene sakuona vuto pa mano ake, kapena amene sanafike potsuka mano bwino payekha, sali wokonzeka kuikidwa mawaya, chifukwa zakudya zotsalira mozungulira tizitsulo zimasiya mawanga oyera osafufutika pa mano ndi kutupitsa nkhama. Ngati vuto lake lili m'gulu lotha kudikira, kumupatsa chaka china n'kwabwino kuposa kumukakamiza. Ngati lili m'gulu losadikira, afotokozeredwe pomusonyeza pa galasi kapena pa chithunzi cha X-ray dzino limene likufunika kuthandizidwa, pakuti ana a zaka 8 kapena 9 amamvetsa zambiri akaona ndi maso awo.

Katswiri akanena kuti chithandizo chiyambe msanga, kholo lifunse mwaulemu koma mosazengereza kuti vuto lenileni ndi liti, chingaonongeke n'chiyani tikadikira mpaka zaka 12, chithandizochi chitenga miyezi ingati, ndipo mwana adzafunikanso mawaya ena pambuyo pake kapena ayi. Chithandizo chamsanga chabwino chimakhala ndi cholinga chimodzi chotchulika ndipo chimatha, kawirikawiri pasanathe chaka chimodzi, kenako mwana amapuma kudikira mano otsala. Ana ambiri amene athandizidwa msanga amadzafunikabe gawo lachiwiri, ndipo mtengo wake uyenera kudziwika kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi mtengo wa chipangizo chogwira mano pamalo pake mawaya akachotsedwa, chimene chimavalidwa usiku kwa zaka zambiri chifukwa mano amakonda kubwerera kumene anachokera. Yankho likakhala losamveka, kufunsa katswiri wachiwiri si kunyoza woyambayo. Ndipo yankho likakhala lakuti palibe chochita pakadali pano, kholo lisachoke lisanalembetse tsiku lodzaonanso mwanayo, makamaka la chaka chimene akukwanitsa zaka 10, pamene mano osongoka akumwamba ayenera kufufuzidwa.